Zikope Zikamagwedera M'tulo: Nkhani ya Maloto Pabwalo la a Gulupu

Zikomo a Gulupu, zikomo amfumu nonse muli pano, abusa, a Shehe, amayi ndi abambo, ndi inu anyamata mwatsamira njinga kumbuyoko ngati simukumva nawo. Ndakuonani. Senderani kuno, mthunzi ulipo.

A Gulupu ananditumira mwana dzana kuti ndidzakambe za maloto. Chimene chautsa nkhaniyi nonse mukuchidziwa ndipo sindichitchula, pakuti mlandu unaweruzidwa pompano ndipo unatha. Ndingokumbutsa chimodzi. Zonse zija, mpaka nkhalamba kugona kunja masiku atatu, zinayamba ndi munthu mmodzi amene anadzuka m'mawa n'kunena kuti, "Ndawalota."

Ine si womasulira maloto, choncho musabwere kunyumba ndi nkhuku. (Kuseka.) Ndine namwino wopuma ntchito, ndipo pa zaka zonse zimene ndinagwira, pafupifupi theka lake ndinkagwira usiku. Namwino wa usiku amathera nthawi yake yambiri poyang'ana anthu ali m'tulo. Ndiye zina zimene ndikambe ndinaziona ndi maso anga, zina ndinaziphunzira kwa amene anazifufuza.

Ndifunse kaye. Ndani pano amene salota? Kwezani dzanja. Eya, bambo awo, mayi awo, ndi awo pamphasapo. Tsitsani. Pepani kwambiri, koma mumalota. Usiku wathawu mwalota kanayi mwina kasanu. Chimene simuchita ndi kukumbukira.

Mu wodi ya ana, cha m'ma 3 koloko usiku, magetsi atazimitsidwa kungotsala kanyali ka patebulo, ndinkakonda kuima pambali pa khanda logona. Zikope zatsekeka, koma pansi pa zikopezo maso akuthamanga uku ndi uku, ngati kambalame kamene mwana wakabisa m'thumba la malaya. Milomo ikuyamwa bere lomwe palibe. Kenaka kakumwetulira. Amayi ake akagalamuka ankati, "Anesi, musiyeni, akuseka ndi angelo." Sindinkawatsutsa, chifukwa mawuwo ndi okoma. Koma masowo akamatero, ndiye kuti munthu walowa m'gawo la tulo limene maloto amachuluka.

Zimenezi anthu akhala akuziona kuyambira kalekale, koma amene anazitsimikizira ndi anthu awiri a ku yunivesite ya Chicago ku America: mphunzitsi Nathaniel Kleitman ndi wophunzira wake Eugene Aserinsky. Analengeza mu 1953. Aserinsky anali ndi makina akale oyeza timagetsi ta mu ubongo, amene amalemba mizere papepala lalitali. Munthu woyamba kumuyesa anali mwana wake wamwamuna wa zaka 8. Anamumata timawaya kumutu ndi m'mbali mwa maso, mwana n'kugona. Pakati pa usiku zolembera za makina zija zinayamba kuvina papepala ngati mwanayo wadzuka ndipo akuyang'anayang'ana. Bambo uja anathamangira kuchipinda, n'kupeza mwana ali m'tulo, phee. Anayamba kukayikira makinawo kuti mwina awonongeka. Koma sanafulumire, anabwereza ndi anthu ena ambiri, usiku ndi usiku. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Atayamba kudzutsa anthu nthawi imene maso akugwederayo, ambiri ankati, "Mwandidula loto." Wophunzira wina wa Kleitman yemweyo, William Dement, anapitiriza ntchitoyi, ndipo anapeza kuti mukadzutsa anthu nthawi imeneyo, pafupifupi 8 mwa 10 alionse amafotokoza loto. Azungu gawoli amalitcha REM. Ife tingoti tulo ta maloto. M'magawo ena a tulo munthu amalotanso, koma kawirikawiri timaloto take timakhala tozizira, tongofanana ndi maganizo wamba.

Tulo si mtsinje umodzi woyenda myaa mpaka kucha. Timazungulira. Mukangogona mumayamba ndi tulo topepuka, kenaka mumamira m'tulo tofa nato, tija toti mbala ingatulutse mbuzi inu osamva, kenaka mumakwera n'kulowa m'tulo ta maloto. Kuzungulira kumodzi kumatenga mphindi pafupifupi 90, nthawi ya mpira wa Bullets ndi Wanderers, ndipo usiku umodzi mumasewera mipira inayi kapena isanu. Kumayambiriro kwa usiku tulo tofa nato ndi timene timachuluka, ta maloto timangokhala mphindi zochepa. Kukamayandikira m'bandakucha zimatembenuka: ta maloto timatalika, kufika theka la ola kapena kuposa. N'chifukwa chake loto limene mumadzuka nalo ndi la nthawi ya tambala. Munthu wamkulu tulo ta maloto timamutengera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a usiku wake. Khanda longobadwa kumene, theka lathunthu.

Nanga kuiwala? Loto limakhala ngati mame. Mukapanda kudzuka lili mkati kapena litangotha kumene, lapita. Ndiye amene amagona osatembenuka, n'kudzambatuka m'mawa kuthamangira kumunda, ndi aja anakweza manja aja. Amene amadzukadzuka ndi amene amati, "Masiku ano ndikulota kwambiri": mayi woyembekezera, mayi woyamwitsa, agogo amene amatuluka kukataya madzi katatu usiku, munthu wa ngongole. Sikuti mizimu yawakonda kuposa anzawo. Akungogwira maloto ambiri asanathawe.

Tsopano tilowe m'mutumo. Munthu akamalota, ubongo sukhala ukupuma. Mbali zina zimagwira ntchito ngati masana, mwinanso kuposa. Mkati mwa ubongo muli tizigawo tiwiri tating'ono, kukula kwake ngati njere ya mtedza, timene timayang'anira mantha ndi mkwiyo. Timeneto nthawi ya maloto timayaka moto. Mbali yoona zithunzi nayonso imayaka. Koma mbali ya kutsogolo kuno, kuseri kwa chipumi, imene imafunsa kuti, "Kodi zimenezi n'zoona? Umboni uli kuti?", imeneyo imazirala.

Taganizani bwalo lino tsiku la mlandu, koma a Gulupu kulibe, nduna zawo kulibe. Odandaula alipo, mboni zilipo, a miseche alipo, woledzera alipo, ndipo onse akulankhula nthawi imodzi popanda woti, "Khalani pansi, alankhule mmodzi." Loto ndi limenelo. N'chifukwa chake mumalota muli m'minibasi ya ku Limbe, kondakitala ndi mbuzi, dalaivala ndi malemu amalume anu amene sanayendetsepo ngakhale wilibala, inu n'kulipira ndalama bwinobwino osadabwa. Kudabwa kumabwera m'mawa, a Gulupu akabwerera pampando. Ndiye funso langa kwa inu ndi ili: chigamulo chimene chaperekedwa pabwalo lopanda mfumu, mungachitenge n'kukagwetsa nacho nyumba ya munthu?

Pali chinanso chimene thupi limachita, ndipo apa mvetserani bwino chifukwa ndi pamene pagona milandu yambiri. Mukalowa m'tulo ta maloto, tsinde la ubongo, apa pankhongo, limatseka minofu ya thupi ngati mmene timatsekera khola ndi mpiringidzo. Manja, miyendo, khosi, zonse lefu. Zimangotsala ndi maso ndi mnofu waukulu wopumira. Cholinga chake n'choti mukalota mukuthawa njati, musadzuke n'kukagunda chipupa. Dokotala wina wa ku Lyon ku France, Michel Jouvet, anaonetsa zimenezi ndi amphaka m'zaka za m'ma 1960. Atawononga kamalo kakang'ono ka patsinde la ubongo, mphaka uja akafika m'tulo ta maloto ankadzuka, kunyang'ama, kudumphira khoswe woti palibe, koma ali m'tulo. Mpiringidzo unali utachoka.

Nthawi zina zimachitika kuti mutu wadzuka koma mpiringidzo sunachoke. Ndikuuzeni zimene zinandionekera ine. Ndinali nditagwira usiku masiku asanu otsatizana, ndipo tsiku limenelo ndinagona masana, chagada, kukutentha ngati kwa Okutobala. Ndinatsegula maso. Denga ndikuliona, kuwala kwa pazenera ndikukuona, ana akusewera panja ndikuwamva. Ndiyese kudzuka, thupi lakana. Ndiyese kukuwa, mawu osatuluka. Pachifuwa ngati andisanjika thumba la chimanga. Ndiye pakhomo panaima munthu wamtali, wovala zoyera, wopanda nkhope, akundiyang'ana. Amayi inu, ine namwino wa satifiketi, ndinaitana Yesu ndi amayi anga omwe, koma mumtima mokha. Patapita kanthawi, chala cha kuphazi chinagwedera, thupi lonse n'kumasuka. Munthu wa pakhomo uja anali yunifomu yanga, nditaikoleka pamsomali.

Ndani zinamuchitikirapo zotere? Musachite manyazi. Taonani manjawo. Ofufuza atasonkhanitsa zopeza za m'mayiko ambiri anapeza kuti pafupifupi anthu 8 mwa 100 alionse zimawachitikira kamodzi kapena kuposa pa moyo wawo, ndipo mwa ana a sukulu zapamwamba, amene sagona mokwanira, ndi oposa mmodzi mwa anayi alionse. Kulemera kwa pachifuwa kumabwera chifukwa minofu ya m'nthiti idakali yotsekedwa, ndiye mukafuna kukoka mpweya wambiri chifukwa cha mantha, chifuwa sichikuyankha. Chithunzi cha pakhomocho ndi loto limene latayikira m'chipinda, pakuti maso atseguka koma bwalo lija lilibebe mfumu. Ubongo wamantha umafuna mwini wake wa manthawo, ndiye umatola chilichonse, chovala, mthunzi wa mtondo, n'kuchipatsa nkhope.

Nkhope yake ya ndani? Apa ndi pamene pali nkhani. Ku Japan zimenezi amazitcha kanashibari, kutanthauza kumangidwa ngati ndi zitsulo. Ku China amati mzukwa wakupsinja pabedi. Ku Egypt ambiri amati ndi jini. Ku Brazil amakamba za nkhalamba ya zikhadabo zazitali imene imayenda pamadenga n'kuponda pamimba pa amene wagona chagada atakhuta. Ku Newfoundland, chilumba chozizira cha ku Canada, amatinso ndi nkhalamba yaikazi imene imakukhalira pachifuwa. Thupi likuchita chinthu chimodzimodzi konseko, koma aliyense amaona chimene anakula akuuzidwa kuti aziopa. Ife kuno tinakula tikuuzidwa za agogo a kumapeto kwa mudzi, ndiye timaona agogowo. Kapena mukuti ndi agogo omwewa amene amakafika mpaka ku Canada? Lichero lake limamwa mafuta angati? (Kuseka.)

Zikakugwirani, sizipha, ndipo zimatha zokha pa masekondi angapo kapena mphindi zochepa. Musalimbane ndi thupi lonse. Pumani pang'onopang'ono, yesani kugwedeza chala chimodzi. Amene muli pambali mukamva mnzanu akubuula, mukhudzeni, amamasuka. Ndipo ngati zimabwerabwera, siyani kugona chagada, gonani cham'mbali, ndipo muzigona nthawi yokwanira.

Palinso mbali inayo, pamene mpiringidzo umalephera kutseka, ngati amphaka aja. Izi zimakonda abambo opitirira zaka 50. Munthu wofatsa masana, usiku akuponya zibakera, akumenya mateche, akutukwana, mpaka kuvulaza mayi a kunyumba. Mukamudzutsa akuti amalimbana ndi akuba. Madokotala awiri a ku Minnesota ku America, Carlos Schenck ndi Mark Mahowald, analifotokoza vutoli mu 1986, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti ambiri mwa anthu otere, pakapita zaka, amadwala matenda onjenjemera aja otchedwa Parkinson kapena ena ofanana nawo. Ndiye bambo akayamba zimenezi, si kwa sing'anga, ndi kuchipatala. Pakadali pano chotsani mpeni ndi nyali pafupi ndi pogona.

Za ana ndinene mwapadera, chifukwa zimandiwawa. Mwana wa zaka zitatu, zisanu, zisanu ndi ziwiri, amatha kudzuka usiku usanapite patali, n'kukuwa koopsa, maso ali tong'o, thukuta kamukamu, osakuzindikirani amayi ake. Wina amadzuka n'kuyenda mpaka pakhomo. Zimenezi sizichokera n'komwe m'tulo ta maloto. Zimachokera m'tulo tofa nato tija, pamene mwana wadzuka theka. M'mawa sakumbukira kanthu, ndipo ambiri amasiya okha akamakula. Chofunika ndi kumugoneka bwino ndi kutseka chitseko. Koma ife timatani? M'mawa timamukhazika pakati pa akuluakulu asanu. "Unapita kuti usiku? Anakutenga ndani? Si agogo ako aja? Anakupatsa nyama eti?" Mwana wamng'ono amavutika kusiyanitsa chimene walota, chimene wamva ndi chimene chachitika, ndipo amadziwa kuti mafunso satha mpaka atavomera. Amavomera. Dzina limene mwanayo watchula, ndani analiyamba kulitchula? Tinamuika m'kamwa ndife.

Nanga zimene timalotazo zimachokera kuti? Zambiri ndi zotsala za masana. Amayi amene mwakhalapo tsiku lonse mukupalira, mukangotseka maso mumaona chiyani? Udzu. Amene mwasankhapo fodya mumaona masamba. Ku yunivesite ya Harvard ku America, mu 2000, Robert Stickgold anapatsa anthu masewera a pakompyuta otchedwa Tetris, oyala timabokosi togwa kuchokera pamwamba, kuti asewere maola ambiri. Pogona, ambiri ankaona timabokosito tikugwa. Chodabwitsa n'chakuti ena mwa iwo anali anthu ovulala ubongo, oti sakumbukira chimene achita ola lapitalo. Iwowa sankadziwa kuti anasewerapo, koma nawonso ankaona timabokosi. Chaka chotsatira, ku yunivesite ya MIT ku America komweko, Matthew Wilson ndi mnzake anayeza ubongo wa makoswe amene ankathamanga m'kanjira kofunafuna chakudya. Makoswewo atagona, ubongo wawo unkabwereza ndondomeko yomwe ija ya m'kanjira. Ubongo usiku umakhala ngati mayi amene wabwera kumsika ndi dengu, akusankha: ichi chapankhokwe, ichi cha lero, ichi n'chotaya.

Izi si nzeru za azungu okha. Abusa andichitira umboni kuti pa Mlaliki 5 ndime 3 palembedwa kuti loto limabwera chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito. A Shehe nawo andivomereza kuti m'chiphunzitso cha Chisilamu maloto ali mitundu itatu, ndipo umodzi mwa itatuyo ndi zimene munthu amadzilankhulira yekha mumtima. Ndanama, a Shehe? Zikomo.

Inu a Fomu 4, apa pali phunziro lanu. Kuviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti muwerenge mpaka kucha n'kudzibera nokha. Zimene mwawerenga zimakhazikika mukagona. Werengani, kenaka gonani.

Zina zimalowa m'loto kuchokera kunja. Dement uja anayesapo kuwaza timadzi pa anthu ogona, ndipo ena ankadzuka akukamba za madzi, monga denga lodontha. Ife sitifunika makina, denga lodontha tili nalo kale. Mnzanu akakoka bulangete, mumalota mukuwoloka mtsinje. Chikhodzodzo chikadzaza, mumalota mukufunafuna chimbudzi, ndipo tsoka ndi pamene mwachipeza. (Kuseka.)

Zina zimachokera m'magazi. Malungo akakwera, maloto amasanduka zilombo. Mwana amene akubwebweta thupi lili moto akufunika kuyezedwa malungo tsiku lomwelo. Kachasu amagonetsa msanga, inde, koma amapondereza tulo ta maloto kumayambiriro kwa usiku, ndiye mowa ukamatha m'thupi cha kum'bandakucha, maloto amabwera mothithikana ngati ng'ombe zotsegulira khola mochedwa. Munthu amene wamwa zaka zambiri akasiya mwadzidzidzi, n'kuyamba kunjenjemera ndi kuona tizilombo pakhoma, ameneyo ndi wodwala wofunika kuthamangira naye kuchipatala. Ndipo ambiri mukukumbukira ma ARV aja tinkawatcha 5A, amene anayamba kuperekedwa mu 2011. Munali mankhwala otchedwa efavirenz, amene ankabweretsa chizungulire ndi maloto owala ngati kanema, makamaka masabata oyambirira. Ndinalandirapo mayi wina atabweza botolo lonse, akuti kuyambira pamene anayamba kumwa, apongozi ake akumubwerera usiku uliwonse ndi mpeni. Tinakhala pansi, ndinamufotokozera, anapitiriza kumwa, ndipo mwezi usanathe apongozi aja anasiya kubwera. Kuyambira mu 2019 anthu ambiri anasinthidwira ku mankhwala a dolutegravir, koma mfundo ndi yomweyo: mankhwala alionse akakusokonezani tulo, kauzeni adokotala, osasiya nokha.

Tsono tanthauzo. Ndikudziwa kuti ndi limene mwadzera. Akatswiri nawonso amakangana. Sigmund Freud wa ku Vienna, cha m'ma 1900, ankati loto ndi chilakolako chobisika chimene chavala chigoba, ndipo pafupifupi chilichonse ankachikokera ku nkhani za kuchipinda. Ine ameneyo sindimugula kwenikweni. Mu 1977 Allan Hobson ndi Robert McCarley anati ayi, tsinde la ubongo limangotumiza zizindikiro mwachisawawa, ubongo n'kumasoka nkhani ndi zigamba zimenezo. Antti Revonsuo wa ku Finland, mu 2000, anati maloto oopsa ndi maseweredwe okonzekera ngozi, monga mwana wa mphaka amasewera kugwira khoswe. N'chifukwa chake anthu padziko lonse amalota akuthamangitsidwa kapena akugwa. Koma onsewa, pokangana pawo, amagwirizana pa chimodzi. Loto limaphikidwa m'mutu mwa wolota, ndi ufa wa wolota. Mukalota mlamu wanu akukuthamangitsani ndi chikwanje, lotolo likunena zoona ndithu, koma zoona zake n'zakuti inuyo mumamuopa mlamu wanuyo, kapena munakangana naye za malire a munda ndipo nkhaniyo sinathe mumtima mwanu. Mlamuyo anali kwake, akuliza mkonono.

Makolo athu anali ndi kamasuliridwe kawo, ndipo sindikunyoza. Kwathu ankati ukalota nsomba, pali mimba pakhomo. Ukalota dzino lazuka, kukubwera maliro. Ukalota zonyansa za kuchimbudzi, ndi ndalama. Mwina kwanu amanena mosiyana, ndipo kusiyanako kukuuzeni kanthu. Wina anena kuti, "Koma anesi, ine ndinalota maliro ndipo anachitikadi." Ndikukhulupirirani. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti m'midzi ya a Gulupu muno muli anthu 500. Aliyense alote kanayi. Ndi maloto 2,000 usiku umodzi, 14,000 pa sabata. Mwa maloto onsewo, a maliro ndi angati? Ndipo ndi mwezi uti umene kuno sikumveka maliro? Limodzi likagundana ndi zochitika, timalikamba zaka 20. Mazana aja amene sanachitike, palibe amawasunga. Komanso nthawi zina mtima umaona zimene pakamwa pakukana kunena. Munapita kukaona amayi anu, munaona kuti chitenje chikuzungulira kawiri, chifuwa sichikutha, koma munati ndi ukalamba. Usiku, mfumu itachoka pabwalo, mantha aja analankhula. Loto lotero ndi lofunika kulimvera, ndipo kulimvera kwake ndi kuwatengera amayiwo kuchipatala.

Za maloto ochokera kwa Mulungu ndisiyira abusa ndi a Shehe, si munda wanga. Ndingoona chimodzi m'nkhani ya Yosefe, imene ili m'Baibulo ndi m'Qur'an momwe. Mfumu ya ku Iguputo italota ng'ombe 7 zonenepa zikudyedwa ndi 7 zowonda, chimene chinatsatira ndi kumanga nkhokwe. Palibe amene anawotcheredwa nyumba. Ndipo Otto Loewi, wasayansi wa ku Graz ku Austria, anafotokoza yekha kuti njira yoyesera mmene mitsempha imalankhulirana ndi mtima inamubwerera m'tulo. Anadzuka, analemba pakapepala, m'mawa n'kulephera kuwerenga zolemba zake zomwe. Usiku wotsatira loto linabweranso, ndipo ulendo uno anavala n'kupita kukayesa pa mitima ya achule usiku womwewo. Mu 1936 analandira mphotho ya Nobel. Sanamupatse chifukwa cholota, koma chifukwa choyesa n'kupeza umboni woti wina aliyense akhoza kuuona masana. Kunena zoona, lamulo la dziko lino nalonso limafuna zomwezo. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo pa lamulo limenelo wolakwa ndi amene watchula mnzake kuti mfiti. "Ndinamulota" si umboni kukhoti.

Ndisanakhale pansi, pali anthu pano amene nkhani ya maloto si yoseketsa kwa iwo. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, anthu oposa 1,000 anatisiya, ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi madera ena. Ena mwa inu munamva phokoso lija la miyala ikutsika m'phiri usiku, ndipo mpaka lero mvula ikangogunda pamalata, tulo timabwera ndi matope. Loto lomwelomwelo, kudzuka mtima ukugunda, kuopa kugonanso. Ameneyo si mzimu wa malemu ukukuimbani mlandu kuti munapulumuka bwanji. Ndi bala. Ubongo ukuyesa kusankha dengu lija, koma katunduyo walemera, ndiye ukungomunyamula n'kumutula pomwepo.

Pali njira imene madokotala amaphunzitsa, ndipo Barry Krakow ndi anzake ku New Mexico ku America anaonetsa mu 2001 kuti imachepetsa maloto oopsa mwa anthu amene anakumana ndi zoopsa. Masana, osati usiku, mutakhala pamalo pamene mtima uli m'malo, mumatenga lotolo n'kulisintha mmene mukufunira. Ngati mumalota madzi akulowa pakhomo, inu mukonze kuti madziwo akafika pakhonde akuphwa, kukutuluka dzuwa, ana akutola nkhuni. Nkhani yatsopanoyo muziiona m'maganizo mphindi 10 kapena 20 tsiku lililonse, kwa masabata angapo. Zikuoneka ngati zachibwana, koma paja ubongo usiku umaphika zimene mwaupatsa masana. Ngati lotolo ndi lolemera kwambiri moti kungoliganiza mukunjenjemera, musalimbane nalo nokha. Yambani mwauza munthu amene mumamukhulupirira, ndipo ku chipatala cha boma mukafunse namwino woona za maganizo. Kupita kumeneko sikutanthauza misala.

Ndipo amene mumalota malemu anu akubwera bwinobwino, atavala zoyera, akufunsa za ana, musaope. Ofedwa ambiri amalota choncho, ndipo ambiri amadzuka mtima utapepuka. Amuna anga anatisiya kalekale, koma mpaka pano amabwera kudzandifunsa kumene ndaika makiyi a njinga.

Mayi awo akweza dzanja. Nenani, mayi, mokweza. Akufunsa kuti, nanga kulota ukudya nyama, si ndiye kuti akudyetsa za kumanda? Mayi, munalota liti? Febuluwale. Ndiwo zinali chiyani kunyumba sabata imeneyo? Nkhwani. Sabata inayo? Nkhwaninso. (Kuseka.) Nyamayo inali yokazinga kapena yowotcha? Yokazinga, ya tomato ndi anyezi! Ndiye mfiti yake ndi yaulemu, mpaka kugula anyezi pa mtengo wa Febuluwale. Mayi, imeneyo ndi mimba yanu imapempha. Mukadzalota choncho mwezi wa Juni, nkhuku zitachuluka, mudzandipeze tidzakambirane.

A Gulupu, mitambo ija yayamba kuda ndipo ena achokera kutsidya kwa mtsinje. Amene muli ndi khanda kunyumba, kapena galu wogona pafupi ndi moto, usiku uno muyatse tochi ya foni, muitchinge ndi dzanja kuti isamuthobwe m'maso, mudikire. Mukaona zikope zikugwedera, timiyendo tikutukula pang'ono ngati akuthamanga, musamudzutse. Ndabweza mawu kwa inu, a Gulupu.